Thandizo la FEMA kwa maboma aang'ono a ku America: mafunso ndi mayankho pa malamulo oyenera kutsatidwa

Mafunso otsatirawa ndi amene amafunsidwa kawirikawiri ndi ogwira ntchito m'makhonsolo a mizinda, matauni ndi ma county a ku United States, komanso ndi amene akuphunzira za kasamalidwe ka ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ambiri mwa mayankhowa akukhudza thandizo lotchedwa Public Assistance, chifukwa ndi limene limanyamula ndalama zochuluka, ndiponso ndi pamene makhonsolo amapunthwa kwambiri.

FEMA ndi chiyani, ndipo ndalama zake zimafika bwanji ku khonsolo?

FEMA ndi nthambi ya boma la fedulo, kutanthauza boma lalikulu la dziko lonse, yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Inakhazikitsidwa mu 1979 mu ulamuliro wa Jimmy Carter, ndipo kuyambira 2003 ili pansi pa unduna wa Homeland Security. Mphamvu zake zopereka thandizo pa ngozi zimachokera mu lamulo la Stafford Act la 1988.

Ndalama sizichoka ku Washington kulunjika ku khonsolo. Namondwe, chivomezi, moto wolusa kapena madzi osefukira zikawononga kuposa mphamvu za chigawo (state), bwanamkubwa wa chigawocho amapempha pulezidenti kuti alengeze kuti kwagwa ngozi yaikulu. Akalengeza, boma la chigawo ndi limene limasainirana pangano ndi FEMA n'kulandira ndalamazo, kenako limazipereka kwa makhonsolo. Choncho khonsolo imayankha kwa mabwana awiri: boma la chigawo, limene lili ndi udindo woiyang'anira, ndi boma la fedulo, mwini ndalama. Mitundu ya eni dziko imene boma la fedulo limaizindikira ili ndi ufulu, kuyambira 2013, wopempha kwa pulezidenti mwachindunji popanda kudzera kwa bwanamkubwa.

Kodi thandizoli ndi la mtundu umodzi?

Ayi. Public Assistance imabwera ngozi itachitika, ndipo imalipirira kuchotsa zinyalala, ntchito zopulumutsa miyoyo ndi katundu, komanso kukonza misewu, milatho, madamu, nyumba za boma, mapaipi a madzi, magetsi ndi mabwalo a zamasewero. Hazard Mitigation Grant Program imaperekanso ndalama pambuyo pa ngozi, koma cholinga chake ndi kuchepetsa chionongeko cha mtsogolo. Palinso thandizo lokonzekera, loperekedwa chaka ndi chaka ngakhale kusanagwe kanthu, monga Emergency Management Performance Grant, limene limathandiza kulipira ofesi yoona za ngozi, ndi Homeland Security Grant Program. Lililonse lili ndi zofuna zake zapadera, koma onsewa amakumana pa malamulo amodzi a kasungidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka ndalama.

Kodi FEMA imalipira mtengo wonse?

Kawirikawiri ayi. Pa Public Assistance, lamulo limati gawo la boma la fedulo lisachepere 75 peresenti ya ndalama zovomerezeka, ndipo pulezidenti angalikweze ngozi ikakhala yaikulu kwambiri. Chotsalacho amagawana boma la chigawo ndi khonsolo malinga ndi malamulo a chigawocho. Ku Florida, mwachitsanzo, boma la chigawo limasenza theka la gawo lotsalalo. Pa Emergency Management Performance Grant, wolandira amayenera kuikapo dola imodzi pa dola iliyonse ya fedulo.

Gawo la khonsolo silingatengedwe ku ndalama zina za fedulo, pokhapokha ngati lamulo la ndalama zinazo likuloleza. Maola amene anthu odzipereka agwira ntchito, komanso zipangizo zoperekedwa mwaulere, zingawerengedwe ku gawolo, bola zikhale zitalembedwa bwino.

Chimene chimadzidzimutsa makhonsolo ang'onoang'ono n'chakuti pa ntchito zikuluzikulu ndalamazi ndi zobwezera. Khonsolo imayamba yalipira ndi ndalama zake kapena za ngongole, kenako imapereka umboni, ndipo kubwezeredwako kungatenge miyezi yambiri, nthawi zina zaka. Ntchito zing'onozing'ono zimalipidwa potengera mtengo woyerekezedwa. Mu 2022 malire a ntchito zoterezi anakwezedwa kufika pa madola 1 miliyoni.

Malamulo ake amapezeka kuti?

Maziko ake ndi 2 CFR Part 200, malamulo okhudza thandizo lililonse la ndalama za fedulo, amene anayamba kugwira ntchito mu December 2014 ndipo anakonzedwanso kwambiri mu October 2024. Pamwamba pake pali Stafford Act, malamulo a FEMA yeniyeniyo a mu 44 CFR, buku lake la malangizo a Public Assistance, chikalata cholengeza thandizo la chaka chimenecho, ndi pangano limene khonsolo yasainirana ndi boma la chigawo. Lamulo la chigawo kapena la khonsolo likakhala lokhwima kuposa la fedulo, khonsolo imatsatira lokhwimalo.

Malamulowa amasintha, ndipo amene amagwira ntchito pa thandizo lina lililonse amadalira tsiku limene ngozi inalengezedwa kapena limene ndalama zinaperekedwa. Ngakhale mapologalamu enieniwo sakhazikika: mu April 2025 FEMA inalengeza kuti ikuthetsa pologalamu ya BRIC, yothandiza madera kuchepetsa chionongeko ngozi isanagwe, nkhani imene zigawo zingapo zinaitengera kukhoti. N'chifukwa chake si bwino kudalira zimene munthu anaphunzira pa ngozi ya zaka zisanu zapitazo osawerenganso pangano la lero.

Khonsolo iyenera kukhala ndi chiyani ngozi isanagwe?

Funso ili ndi lofunika kuposa ena onse, chifukwa zambiri zimene FEMA idzafunsa sizingapangidwe madzi atalowa kale m'tauni.

Choyamba ndi kulembetsa pa SAM.gov, tsamba la pa intaneti la boma la fedulo lolembetsapo ofuna ndalama kapena makontrakiti ake, ndi kukhala ndi nambala ya Unique Entity Identifier, imene inalowa m'malo mwa nambala ya DUNS mu April 2022. Chachiwiri ndi ndondomeko zolembedwa: ya kagulidwe ka katundu, ya malipiro a ovataimu, ya maulendo, ndi yoletsa wogwira ntchito kutenga mbali posankha kampani imene iye kapena wachibale wake angapindule nayo. Chachitatu ndi umboni wosonyeza mmene katundu wa khonsolo analili ngozi isanachitike. FEMA imalipira chimene ngozi yawononga, osati chimene chinaonongeka chifukwa chosasamalidwa, ndiye denga la sukulu limene linkadontha kwa zaka zambiri kapena kalavati imene sinkafukulidwa zingakanidwe ngati palibe zithunzi ndi mabuku osonyeza kuti zinkakonzedwa.

Kuti ilandire ndalama zochepetsera chionongeko, khonsolo iyenera kukhala ndi pulani yovomerezedwa ndi FEMA yofotokoza ngozi zimene dera lake lingakumane nazo ndi zimene ichite kuti izichepetse. Izi zinabwera ndi Disaster Mitigation Act ya 2000, ndipo pulaniyo imakonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Makhonsolo oyandikana angalembe pulani imodzi, koma iliyonse iyenera kuivomereza payokha pa msonkhano wake. Pa thandizo lokonzekera, wolandira ayenera kutsatira NIMS, dongosolo limodzi la dziko lonse la kayendetsedwe ka ntchito pa ngozi limene linakhazikitsidwa mu 2004, kuti ozimitsa moto, apolisi ndi azaumoyo ochokera m'madera osiyanasiyana azimvana akakumana pamalo amodzi.

Pali masiku omalizira otani?

Pempho lolowa mu Public Assistance liyenera kuperekedwa pasanathe masiku 30 kuchokera pamene dera laikidwa pa chilengezo cha ngozi. Ukachitika msonkhano woyamba wounika chionongeko pamodzi ndi FEMA, khonsolo ili ndi masiku 60 oti itchule zonse zimene zaonongeka. Ntchito zadzidzidzi ziyenera kutha m'miyezi 6 ndipo zomanga zokhalitsa m'miyezi 18 kuchokera pa tsiku la chilengezo. Boma la chigawo lingawonjezere miyezi 6 pa zoyambazo ndi miyezi 30 pa zachiwirizo ngati pali zifukwa zomveka, koma pempho la kuwonjezera liyenera kulembedwa nthawi isanathe.

N'chifukwa chiyani kagulidwe ka katundu kamatchulidwa kwambiri?

Chifukwa ndi pamene ofufuza za ndalama a ofesi ya Inspector General ya Homeland Security amapeza zolakwika mobwerezabwereza, ndipo cholakwika chimodzi pa kontrakiti chingaike pachiswe ndalama zonse za kontrakitiyo, ngakhale ntchito itagwiridwa bwino.

Mfundo yaikulu ndi mpikisano wotseguka. Zogula zazing'ono kwambiri sizifuna mpikisano bola mtengo ukhale woyenera; zapakati zimafuna mitengo yochokera kwa ogulitsa angapo; zikuluzikulu zimafuna kulengeza poyera kuti makampani apikisane. Mu 2024 malire a fedulo anali madola 10,000 ndi madola 250,000, koma amakwezedwa nthawi ndi nthawi, ndipo makhonsolo ambiri ali ndi malire awo otsika kuposa amenewa. Kugawa ntchito imodzi m'zidutswa kuti ikhale pansi pa malire n'koletsedwa. Kampani imene inathandiza kulemba zofunikira pa ntchitoyo siloledwa kupikisana nawo, ndipo asanasaine, akhonsolo ayenera kuyang'ana pa SAM.gov ngati kampaniyo sinaletsedwe kuchita malonda ndi boma.

Mtundu wa kontrakiti nawonso uli ndi malamulo. Kontrakiti imene imapatsa kontrakitala phindu lowerengedwa monga peresenti ya ndalama zimene wawononga ndi yoletsedwa kotheratu, pakuti imam'limbikitsa kuwononga zambiri. Yolipira maola ndi zipangizo imaloledwa pokhapokha ngati palibe mtundu wina woyenera, ndipo iyenera kukhala ndi mtengo wapamwamba umene kontrakitala akaudutsa, zotsalazo ndi zake. Palinso ndime zimene ziyenera kulembedwa m'kontrakiti, monga ya njira yoithetsera, ya ufulu wa boma woona mabuku a kontrakitala, ndiponso, ikapitirira madola 100,000, chitsimikizo chakuti ndalama za fedulo sizigwiritsidwa ntchito ponyengerera aphungu kapena akuluakulu a boma. Lamulo la Davis-Bacon la malipiro a amisiri silikhudza Public Assistance, koma limakhudza zomanga za m'thandizo lokonzekera.

Koma nthawi ya ngozi palibe mpata wa mpikisano. Kodi malamulo saimitsidwa?

Saimitsidwa, koma amapereka mpata wochepa. Ngati miyoyo, thanzi kapena katundu zili pangozi moti kudikira mpikisano kungabweretse chionongeko, khonsolo ingapereke ntchito kwa kampani imodzi. Mpatawo ndi wa nthawi ya ngoziyo yokha ndi ntchito yokhayo yofunika pothana nayo. Kutsegula msewu wopita kuchipatala usiku wa namondwe kumalowa m'menemo; kumanganso holo ya tauni patapita miyezi isanu sikulowa. Akhonsolo ayenera kulemba chifukwa chimene anadumphira mpikisano, kusonyeza kuti mtengo unali woyenera, ndi kuyamba pomwepo kukonza mpikisano wa ntchito yotsalayo.

Zimene zinachitika ku Puerto Rico pambuyo pa namondwe wa Maria mu 2017 zimakumbukiridwabe. Bungwe la boma loona za magetsi linapereka kontrakiti ya madola 300 miliyoni kwa Whitefish Energy, kampani yaing'ono ya ku Montana, popanda mpikisano wotseguka. FEMA inanena poyera kuti ili ndi nkhawa yaikulu ndi mmene kontrakitiyo inaperekedwera, ndipo inathetsedwa kumapeto kwa October chaka chomwecho, anthu ambiri akadali mumdima. Njira yabwino ndi kuchititsa mpikisano nyengo ya namondwe isanafike, kuti makontrakiti ochotsa zinyalala ndi obwereka majenereta akhale okonzeka.

Nanga ntchito ikagwiridwa ndi antchito ndi magalimoto a khonsolo yomweyo?

Imalipidwa, koma mosiyanitsa. Pa ntchito zopulumutsa miyoyo ndi katundu, kwa antchito okhazikika amene malipiro awo ali kale mu bajeti, FEMA imabweza ovataimu yokha. Pa zomanga zokhalitsa imabweza maola onse. Ndondomeko ya ovataimu iyenera kukhala imene inalipo ngozi isanachitike, ndipo siyenera kunena kuti ovataimu idzalipidwa pokhapokha boma la fedulo likapereka ndalama. Pepala la maola lisonyeze dzina la wantchito, tsiku, malo ndi chimene anachita. Kungolemba kuti "ntchito ya namondwe" sikokwanira. Magalimoto ndi makina amalipidwa pa ola limene agwiradi ntchito, ndipo maola ake amayerekezedwa ndi a woyendetsa, moti thirakitala yolembedwa maola 12 pamene woyendetsa wake walembedwa maola 8 imadzutsa mafunso nthawi yomweyo.

Kuchotsa zinyalala kuli ndi malamulo apadera?

Kuli nawo, ndipo ndi okhwima chifukwa ndalama zake zimakhala zambiri ndiponso umboni wake umatayidwa kudzala. Kontrakitala amalipidwa potengera kuchuluka kapena kulemera kwa zimene wanyamula, choncho khonsolo iyenera kuika oyang'anira osadalira kontrakitalayo. Lole iliyonse imayezedwa isanayambe ntchito, ndipo nambala yake ndi kukula kwake zimamatidwa m'mbali mwake. Pamalo onyamulira, woyang'anira amalemba tikiti yosonyeza nambala ya lole, msewu, nthawi ndi mtundu wa zinyalala. Potsitsira, wina amakwera pansanja, amasuzumira m'bokosi la lole, n'kulemba kuti yadzaza kufika pati, ndipo imayang'anidwanso potuluka kuti aone ngati yakhuthula zonse. Popanda matikiti amenewa, invoyisi ya kontrakitala ilibe pogwira.

Zinyalala za m'mabwalo a anthu kawirikawiri sizilipiridwa, pokhapokha eni ake atazitulutsira m'mbali mwa msewu wa boma, kapena FEMA itavomereza kuti kuzichotsa n'kothandiza anthu onse.

N'chifukwa chiyani FEMA imafunsa za chilengedwe ndi nyumba zakale?

Chifukwa ndalama za fedulo zimabwera ndi malamulo a fedulo: National Environmental Policy Act, National Historic Preservation Act ya 1966, Endangered Species Act ya 1973, ndi malamulo oteteza madambo ndi zigwa zosefukira. FEMA iyenera kumaliza kauniuni wake ntchito yokhalitsa isanayambe. Khonsolo imene yagumula nyumba yakale ya khoti, kapena yakulitsa kalavati mumtsinje, kauniuniyo asanathe, ingataye thandizo lonse la ntchitoyo, pakuti chimene chagumulidwa sichingaunikidwenso. Kusintha kukula, malo kapena kamangidwe ka ntchito imene yavomerezedwa kale kumafunanso chilolezo cholembedwa. N'zoona kuti kudikiraku kumapweteka anthu amene akusowa mlatho, ndipo madandaulo a makhonsolo pa kuchedwa kwa kauniuni ndi omveka, koma kuyamba popanda chilolezo kumasiya ngongole yonse pamutu pa anthu omwewo.

Bwanji ngati nyumba yoonongekayo inali pa inshulansi?

Stafford Act imaletsa kulandira kawiri pa chionongeko chimodzi. Ndalama za inshulansi, zimene zalandiridwa kapena zimene zikuyembekezeka, zimachotsedwa pa thandizo, chimodzimodzinso ndalama zochokera kwina zoperekedwera ntchito yomweyo. Khonsolo ikalandira ndalama za inshulansi FEMA italipira kale, iyenera kunena ndi kubweza.

Palinso udindo wopitirira umene ambiri amauiwala. Nyumba ikakonzedwa ndi thandizo la FEMA, khonsolo iyenera kuigulira inshulansi ya ngozi ya mtundu womwewo ndi kupitiriza kuilipira. Ikaleka, nyumbayo sidzathandizidwanso ngozi yotereyo ikabwerera. Nyumba imene ili m'dera lodziwika kuti limasefukira koma inalibe inshulansi ya madzi imachotseredwa ndalama zimene inshulansiyo ikanalipira.

Malo amene khonsolo yagula kwa anthu osefukiridwa angagwiritsidwe ntchito yanji?

Nyumba zikagulidwa ndi ndalama zochepetsera chionongeko n'kugumulidwa, malowo amakhala opanda zomanga mpaka kalekale. Angakhale paki, munda kapena dambo, koma sangagulitsidwe kwa womanga nyumba, ndipo khonsolo imatsimikizira zaka zitatu zilizonse kuti ali momwemo. Eni nyumba amagulitsa mwakufuna kwawo. Khonsolo siloledwa kuwakakamiza. Mudzi wa Valmeyer ku Illinois, umene unasamukira pamtunda madzi a Mississippi atausesa mu 1993, ndi chitsanzo chodziwika cha ntchito yotereyi.

Pali malamulo ena amene saoneka ngati a ndalama?

Alipo. Thandizo liyenera kuperekedwa mopanda tsankho la khungu, mtundu kapena dziko lochokera, malinga ndi Civil Rights Act ya 1964, ndipo Rehabilitation Act ya 1973 imateteza anthu aulumali, moti malo othawirako ndi machenjezo ayenera kuwafikira. Kuyambira August 2020, ndalama za fedulo sizingagulire zida zina zolumikizirana ndi makamera a makampani a Huawei, ZTE, Hytera, Hikvision ndi Dahua. Zida zikuluzikulu zogulidwa ndi thandizo zimalembedwa m'kaundula, zimawerengedwa kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo sizigulitsidwa popanda kutsatira malangizo a eni ndalama.

Zolembedwa zisungidwe kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ndani amazifufuza?

Zaka zosachepera zitatu kuchokera pamene lipoti lomaliza la ndalama laperekedwa, osati kuchokera pamene ntchito yatha, ndipo ngati pali mlandu kapena kafukufuku, zisungidwe mpaka nkhaniyo ithe. Popeza kutseka mabuku a ngozi yaikulu kumatenga zaka, failo ingafunidwe meya ndi msungichuma amene analipo atachoka kalekale. Ntchito iliyonse ikhale ndi failo yake ndi nambala yake m'mabuku a ndalama, momwe muli makontrakiti, umboni wa mpikisano, mainvoyisi, malisiti, zithunzi ndi zilolezo. Ntchito yosunga zonsezi ili ndi thandizo lake: khonsolo ingabwezeredwe ndalama zoyendetsera mpaka 5 peresenti ya thandizo lake.

Khonsolo imene yagwiritsa ntchito ndalama za fedulo zokwana madola 1 miliyoni kapena kuposa m'chaka chimodzi, kuphatikiza zochokera ku nthambi zonse za boma, iyenera kuchititsa kafukufuku wotchedwa Single Audit. Malirewa anali madola 750,000 mpaka pa kusintha kwa October 2024. Lipoti lake limatumizidwa ku Federal Audit Clearinghouse pasanathe miyezi 9 chaka cha ndalama chitatha. Boma la chigawo, FEMA ndi Inspector General nawonso ali ndi ufulu woona mabuku.

Chimachitika n'chiyani malamulo akaphwanyidwa, ndipo khonsolo ingadandaule kuti?

FEMA ingaimitse malipiro, ingakane gawo la ndalama, ingaitanitse zimene inalipira kale, kapena kuthetsa thandizolo. Pamene pali chinyengo chadala, False Claims Act imalola boma kulipiritsa katatu ndalama zimene lataya, kuwonjezera pa milandu ya upandu.

Khonsolo ili ndi chitetezo chake. Ndime 705 ya Stafford Act imati FEMA singaitanitse ndalama ngati zinalipidwa motsatira pangano lovomerezedwa, mtengo unali woyenera, ndipo cholinga cha thandizo chinakwaniritsidwa. Imaikanso malire a zaka zitatu oyambira kuitanitsa ndalama. Chigamulo chilichonse chingachitidwe apilo pasanathe masiku 60, kudzera ku boma la chigawo: koyamba kwa mkulu wa FEMA woyang'anira dera limene khonsoloyo ili (FEMA inagawa dziko m'madera 10), kachiwiri ku likulu. Kuyambira pa Disaster Recovery Reform Act ya 2018, mkangano wopitirira madola 500,000, kapena madola 100,000 kwa madera akumidzi, ungapite kwa oweruza a Civilian Board of Contract Appeals m'malo mwa apilo yachiwiri, ndipo chigamulo chawo n'chomaliza. Apilo iyenera kutchula ndalama zimene zikukanganiridwa ndi ndime ya lamulo imene khonsolo ikudalira, pamodzi ndi zikalata zonse zotchulidwa m'yankho la m'mwambamu lokhudza kusunga zolembedwa, ndipo yofika mochedwa imakanidwa popanda kuyang'ana mfundo zake.